Ndowa ya Akazi

"Nkateko, bweretsa kuno chiphaso changa! Ndati bweretsa!"

A Papa anali ataima pakati pa khitchini, dzanja limodzi litagwira msana, linalo atalitambasula. Achimwene anga, amene ine ndimawaitana kuti a Buti, anali atabisa chiphasocho kumbuyo ngati mwana amene waba shuga, pomwe ndi munthu wa ndevu zake ndi dipuloma yake.

"Papa, tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu."

"Akuluakulu alipo angati muno? Ine ndikuona mmodzi."

"Alipo awiri," anayankha a Mhani, mayi anga, osacheuka n'komwe. Ankatembenuza magwinya, mandasi a kwathu kuno, m'mafuta, oti akagulitse pageti la sukulu. "Ndipo wachiwiriyo ndi amene akukudyetsani nonsenu. Kakanganireni panja, mundigwetsera mafuta."

Palibe anatuluka.

Ine ndinali pansi pakona, ndikudula mango osapsa oti tiwanyike m'mafuta ndi tsabola, tipange acha. Dzina langa ndi Hlamalani. Ndinakhoza matiriki, mayeso omaliza a sekondale, chaka chatha, ndipo chikhozereni ntchito yanga ndi kudula mango ndi kumvetsera za anthu. Sindilankhulalankhula. Si kuti mawu ndilibe ayi. Amabwera ndithu mpaka pakhosi, koma munthu akangondiyang'ana amabwerera okha. Anthu a m'mudzi mwathu ndimawadziwa bwino ndi nsapato zawo.

Mkangano unayamba dzulo lake, galimoto ya chimkuzamawu itadutsa kulengeza kuti kwabwera kampani yodzayala njerwa za simenti mumsewu wochokera kukiliniki kukafika kusukulu. Inkafuna anthu makumi awiri ndi anayi. Ntchito zoterezi kwathu kuno sitichita kufunsira. Umapinda kope ya chiphaso chako n'kuponya m'ndowa, ndipo wina womangidwa m'maso amatola mapepalawo anthu onse akuona. Nyumba imodzi, pepala limodzi. Ndowa zimakhala zitatu: ya abambo opitirira zaka makumi atatu ndi zisanu, ya anyamata, ndi ya akazi onse, wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Ulendo uno abambo anapatsidwa malo khumi, anyamata khumi ndi awiri, akazi malo awiri, ogwedeza mbendera yofiira poimitsa magalimoto. A Buti anabisa chiphaso chija kuti a Papa asapite nacho kutauni ya Giyani kukapangitsa kope.

"Tamvera, dokotala wa misewu," anatero a Papa. "Amuna a msinkhu wanga tatsala angati m'mudzi muno? Ena ali ku Joni, ena akulondera masitolo ku Giyani, ena akudya penshoni, ena tinakawasiya kumanda. Ndowa yathu pansi pake pazidzaoneka. Tsopano pita kugolosale ya Mabasa ukaone anzako atakhala pa makireti, tsiku lonse kulimbirana foni imodzi. Onse aja alowa m'ndowa imodzi. Iweyo ukatulukamo bwanji?"

"Ndiye ndinaphunzirira chiyani? Zaka zitatu ndikuwerenga za misewu yomweyi! Mnyamata wachizungu amene ndinkakhala naye benchi limodzi, ndinkachita kumuthandiza masamu, lero akuyendetsa galimoto ya kampani ya amalume ake. Ine kulikonse ndikapita akuti tikufuna amene wagwirapo zaka zisanu. Zaka zisanuzo ndikazikumbe kuti?"

"Kwa ine. Ndili nazo zoposa makumi awiri za pansi pa mgodi, zangokhala. Ine ndikapita akuti madala mwakalamba. Bwera tisinthane, ndikupatse zakazo, iwe undipatse msana."

A Mhani anaseka mpaka kutsokomola ndi utsi wa mafuta.

"Nanga ndowa ya akazi simukuitchula bwanji, bambo a Nkateko?"

"Ya mbendera ija? N'wa-Khazamula mkazi wanga, malo awiri, akazi mudzi wonse! Kuli bwino kungoliponya m'chimbudzi pepalalo."

"Chimbudzi mwatchulacho anakumba ndani? Ine ndi mwanayu. Inu munali pampando ndi tiyi."

"Ndinkayang'anira kuti dzenje liwongoke. Ndipo linawongoka."

Onse anaseka, ndi a Buti omwe. Mwanayo ndinali ine. Mpeni unaima m'manja mwanga, ndikuti mwina wina acheuka n'kundifunsa maganizo anga. Sanacheuke. Tsono ndinene pano zimene sindinanene pamenepo: ndinkaifuna ovololo ya olenje imene amavala ogwira ntchito mumsewu. Makope a chiphaso changa ndinali nawo kale, otsala pa amene ndinatumiza kumakoleji osayankha aja. Ndinkafuna kudzuka m'mawa ndikudziwa kumene ndikupita, kuti pakhale munthu wondikalipira ndikachedwa. Kusukulu ankatiuza kuti tikakhoza, zitseko zidzatseguka zokha. Ine ndinakhoza, ndipo chimene chinatseguka ndi cha khitchini.

"Basi, magwinya apsa ndipo nkhani yatha," anatero a Mhani. "Kulowa pepala la bambo anu. Sindikuwakondera ayi, ndikukondera mphika wanga. Nkateko, bweza chiphaso."

A Buti anabweza, koma anayamba achipukuta pamalaya ngati akupereka mphoto.

Masabata otsatirawo pakhomo pathu panasanduka bwalo la masewero. A Papa anatulutsa nsapato zawo zakumgodi, anazipaka polishi, n'kuyamba kukumba kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse, akuti kudzutsa msana. Ankakumba pang'ono, kenako n'kuima manja m'chiuno, kuyang'ana kumwamba ngati pali amene wawaitana. A Mhani anati dzenjelo adzabzalamo papaya, thukuta lisapite pachabe. A Buti anakwiya pang'ono chabe, kenako anadziika okha pa udindo wa mlangizi.

"Papa, pepala silipindidwa wamba. Tilipinde la makona atatu, tilipake mankhwala a chimfine aja. Wotola akangolikhudza, chala chimakakamira pomwepo."

"Zimenezi anakuphunzitsani kukoleji?"

"Chaka chachiwiri."

Tsiku lina kumpopi ndinaima kumbuyo kwa masilipasi obiriwira, limodzi lomangidwa ndi waya. Anali a Sesi Vutlhari, oyandikana nafe nyumba. Iwo matiriki anakhoza kalekale, ine ndikadali kupulayimale, ndipo dzina lawo linawerengedwa pawailesi. Anali ndi mwana kumbuyo, zigubu zitatu pawilibala.

"Hlami, kwanu aponya ndani?"

"A Papa."

"Muli ndi mwayi inu, mukuchita kusankha ndowa. Kwathu ndi ine, amayi ndi kanthu kali kumsanaka. Tifune tisafune, yathu ndi ya mbendera." Analoza mzere wonse ndi chibwano. "Tayang'ana apa. Uyu, uyu, uyo wavala wigiyo, tonsefe matiriki tili nayo. Madzi a m'mudzi muno amatungidwa ndi anthu ophunzira, n'chifukwa chake amakoma."

"Ine ndayamba kale kuyeserera," anatero wa wigiyo, akugwedeza thewera la mwana wake m'mwamba. "Imani! Pitani! Imani!"

Bulu wa ngolo amene ankadutsa anaimadi, ndipo mzere wonse unagwa ndi kuseka. Ndinaseka nawo. Koma pobwerera ndinayamba kuyang'ana mageti a mumsewu wathu, ndikuganiza kuti ndi nyumba ziti zimene mulibe mwamuna woponya. Ndinaleka ndisanafike pakona, zinachuluka. Ndinati ndikanene kunyumba. Ndinapeza a Papa akuyendayenda pabwalo, fosholo paphewa, akuimba nyimbo yakumgodi. Nditaba kuwayang'ana, nkhope yawo inali yowala mmene ndinali ndisanaionepo chibwerereni. Ndinangotsitsa zigubu zanga.

Tsiku la maere mudzi wonse unasonkhana pansi pa mtengo wa mfula kuseri kwa sukulu. Zipatso zinali mbwee pansi, zikununkhira ngati mowa wosaphika. Woyendetsa zonse anali a Nghonyama, amene amaima pakati pa mudzi ndi makampani obwera, a nsapato zoyera zosongoka zosadziwa fumbi. Eni kampaniwo anakhala m'galimoto yawo chapatali, magalasi otseka.

Nzeru za a Buti zinafera pakhomo penipeni. Amayi atatu a mpingo anakhala patebulo, akufunyulula pepala lililonse n'kulipindanso mofanana ndi anzake.

"Taonani lina la makona atatu! Ili ndiye likununkha chimfine. Wadwala ndani kwa a Shirinda?"

Theka la mudzi linali litapinda makona atatu. Wina anamata chingamu, wina analigoneka mufiliji kuti lizizire. Nyumba iliyonse inali ndi a Buti ake.

"Tsopano tipeze wotola," anatero a Nghonyama.

Aliyense amene anatchulidwa anakanidwa. Uyu ali ndi chibwenzi m'ndowa. Uyo amamwa ndi abambo onsewa. Kenako mawu ena anachokera kumbuyo.

"Mwana wa Shirinda uja, wosalankhula uja!"

"Bambo ake ali m'ndowa!"

"Ndani alibe wake m'ndowa? Ameneyu ngakhale umunong'oneze, sangakuyankhe."

"Ndipo musavutike kumumanga m'maso, sayang'ana kale!"

Anthu anaseka, ine ndikufuna nthaka itseguke. A Mhani anandikankha kumsana mpaka patsogolo, anavula duku lawo n'kundimanga nalo kumaso. Linkanunkha mafuta okazingira ndi sopo.

Mumdima muja munachitika chinthu chimene sindinachiyembekezere. Maso onse aja anazima. Anthu ndinkawamva, ana akulira, wina akuyamwa mfula, koma kuyang'ana kwawo sikunkandifika. Mapewa anga anatsika okha.

Anandigwira dzanja n'kundifikitsa pa ndowa ya abambo. Ndinawerama. Dzanja linalowa, linalowabe, mpaka zikhadabo zinakanda pansi pa ndowa. Mapepala anali ochepa, ondithawathawa m'mbali. Ndinkatola limodzi, kupereka, a Nghonyama n'kuwerenga dzina. Chapakatikati ndinamva:

"Risenga Shirinda!"

Nthungululu ya a Mhani inandiboola khutu. A Buti ankakuwa kuti, "Ndinanena ine! Fungo lija linatsalira!" Maovololo ankaperekedwa pomwepo, ndipo ndinamva a Papa akuti, "Iyi ndi ya mwana wasukulu, ndipatseni ya munthu wamkulu." Ndinamwetulira m'kati mwa duku. Ndinali nditawatola ndi dzanja langa, mosadziwa.

Ndowa ya anyamata inali ina. Dzanja linamira m'mapepala mpaka pachigongono. Dzina lililonse likatuluka, mmodzi ankaimba mluzu, ambirimbiri n'kubuula.

Ya akazi sindinachite kuwerama. Dzanja linagunda mapepala ndisanaipeze ndowayo. Unali mulu, wopsinjidwa ndi manja, ena akutsetserekera pamapazi anga. Nditasuntha pang'ono, mwendo unagunda chinthu china cha chitsulo. Ndinapapasa. Linali beseni lochapira, nalonso lodzaza.

"Awiri okha, mwana wanga," anatero a Nghonyama. "Fulumira, dzuwa likutiotcha."

Ndinangomva pakamwa panga patseguka.

"Pepani, a Nghonyama. Mwati angati?"

"Awiri."

"Muja munali mapepala ochepa, ndatola khumi. Muno mwadzaza mpaka m'beseni, nditole awiri?"

Mawuwo anatuluka aakulu, ngati a munthu wina amene anabwereka khosi langa. Mfula imodzi inagwa patebulo, ndinaimva ikugubuduka.

"Iwe ntchito yako ndi kutola."

"Nditola. Ndimangofuna kudziwa ngati amene anagawa malowa anayamba waikamo dzanja muno."

"Funsanso, Hlami!" Amenewo anali a Sesi Vutlhari. "Sanamve, funsanso!"

Pamenepo bwalo linaphulika. A Nghonyama ankamenya tebulo.

"Amayi, amayi, tamverani! Njerwa n'zolemera. Piki si mthiko!"

"Zigubu zitatu pawilibala n'zopepuka? Bwerani mudzakankhe ndi nsapato zanuzo!"

"Nyumba mukugonamoyo, njerwa zake anaumba ndani? Si akazi anu?"

"Ndi lamulo la kampani!"

"Kampaniyo si ili apoyo? Kafunseni!"

Ndinamva nsapato zosongoka zija zikupita kugalimoto ya eni kampani, ndi masilipasi ambirimbiri akuzitsatira kuti zisakasinthe mawu panjira. Ine anandisiya chiimire, dzanja pamulu wa mapepala. Pobwera, masilipasi ndi amene anali patsogolo.

"Tamverani izi!" anakuwa a Sesi Vutlhari. "Akuti iwo akungofuna anthu ogwira ntchito pofika Lolemba. Za ndowa zitatu sakuzidziwa. Ankayesa ndi mwambo wathu!"

"Ndi mmene timachitira kuyambira kale," anatero a Nghonyama, mawu atachepa.

"Ndowa imodzi! Ndowa imodzi!"

Kenako ndinamva fungo la perefyumu pafupi nane. A Nghonyama anadikira phokoso litsike, n'kulankhula mokoma, mokweza, kuti aliyense amve.

"Chabwino. Koma tikasakaniza, ndiye kuti tiyambiranso. Onse amene atuluka kale avule maovololo. Mwana wanga, wayambitsa ndiwe, tiuze. Bambo ako ndi awa aima apawa, avala kale, ndipo yawakhala bwino. Tiwavule?"

Zimenezo sindinaziganize. Ndikunena zoona, sindinaziganize n'komwe. Ndinatchera khutu kumene kunali a Papa, kuti mwina anena kanthu, ngakhale kutsokomola chabe. Sanatsokomole. A Mhani, amene sasowa chonena ngakhale pamaliro, nawonso anali chete. Ndinaganiza za mphika wawo, ndi za nyimbo ya fosholo ija. Ndinkadziwa kuti ndikangokweza duku n'kuona maso a anthu, mawu abwerera kumene amakhala, nditola awiri, ndipo madzulo kwathu kuphedwa nkhuku. Dzanja linafika mpaka pamfundo ya duku. Koma dzanja linalo linali likadali pamulu paja, ndipo pansi pa chikhatho changa panali anthu ambiri kuposa amene ndikanatha kuwagwira.

"Tibwereze," ndinatero.

"Sitinamve."

"Ndati tibwereze!"

Abambo anakalipa. Anyamata amene anali atapata anandiimbira miluzu yachipongwe, wina n'kunena kuti ndikatuluka pageti andionetsa. Mayi ake omwe anamuyankha kuti ayambe waonetsa mbale zimene wadyera. A Nghonyama anati ofuna kubwereza akweze manja. Ine sindinaone, koma nthungululu zinandiuza mbali imene yachuluka.

Kenako mazipi a maovololo. Ankatsika uku ndi uku, ena mokalipa, ena akutukwana. Ya a Papa ndinaizindikira, chifukwa inatsika pang'onopang'ono.

Panalibe ndowa yokwana mapepala onse, choncho amayi anakagubuduza mphika waukulu wa miyendo itatu wa bungwe la maliro. Anakhuthuliramo ndowa zitatu ndi beseni, mmodzi n'kuvundula ndi mthiko wake womwe, anzake akuimba ngati pali ukwati. Ine ndinachita kugwada pampando kuti dzanja lifike.

Pepala lililonse ndinkalipempherera. Ambuye, a Papa. Ambuye, ili lokha. Linatuluka la wa wigi uja. Linatuluka la mnyamata wina wa pamakireti. Linatuluka la mayi wa ana asanu amene anangokhala pansi n'kuyamba kulira, anzake akumuseka. Linatuluka la a Sesi Vutlhari, ndipo anavina mpaka silipasi ya waya inaduka. Abambo anatuluka atatu.

"Lomaliza," anatero a Nghonyama.

Ndinalowetsa dzanja mpaka paphewa, ndinavundula, ndinasankha, ndinasiya, ndinasankhanso. Linali la mtsikana wa kutsidya kwa dambo amene sindimudziwa n'komwe.

Atandimasula duku, dzuwa linandilasa, ndipo maso onse anabwerera nthawi imodzi. Amayi ankandikumbatira, ankandinyamula, wina anandiika mfula m'thumba. Ine ndinkangofunafuna pansi nsapato zakumgodi zopakidwa polishi. Ndinaziona zili kale pamsewu, zikupita kunyumba zokha.

Madzulo nkhuku inapulumuka. A Mhani anaphika masonja, mphalabungu za kwathu kuno, ndi tomato, tinakhala pakhonde dzuwa likulowa, aliyense maso m'mbale yake. A Buti ndi amene analephera kupirira.

"Komatu Papa, mukanalola kuti ndiponye ine, bwenzi wovulidwa ndili ine. Ndikanakupulumutsani."

"Nkateko, idya," anatero a Mhani.

"Ndikungonena kuti m'nyumba muno tsopano tafanana. Wa dipuloma, wa matiriki, wa mgodi, tonse ndowa imodzi."

"Ndati idya."

A Papa anasamba m'manja, anapukuta pathalauza, n'kuyang'ana dzenje la papaya.

"Hlamalani."

"Papa."

"Ine ntchito andichotsapo kawiri. Koyamba anali mabwana a kumgodi. Anandiitanira mu ofesi yozizira, anandipatsa mpando ndi tiyi wa mkaka, n'kundithokoza. Kachiwiri ndi lero. Wandichotsa mwana wanga, pagulu, ndi tiyi yemwe osandipatsa."

"Pepani, Papa." Misozi inali itayamba kale kugwera m'mbale. "Sindinadziwe kuti zifika pamenepo. Ndinayesetsa kuti nditole lanu, koma onse anali ofanana."

"Ovololo ija inandikhala bwino, N'wa-Khazamula?"

"Inakukhalani," anayankha a Mhani. "Pamimba pokha."

"Inandikhala." Anapuma mozama. "Zandiwawa, mwana wanga, usaganize kuti sizinandiwawe. Mawa ndidzuka, anthu azidzapita kumsewu, ine ndidzakhala pano ndi dokotalayu. Nghonyama atakufunsa paja, mumtima ndinkati, khala chete mwana wanga, monga umachitira masiku onse. Lero lokha khala chete."

"Bwanji simunanene, Papa?"

"Ndinatsegula pakamwa. Ndiye ndinaona beseni lija. Ine ndinkayesa ndi la madzi osamba m'manja."

A Mhani anaphulika kuseka, kenako anadzigwira pakamwa ndi duku. A Papa sanaseke, koma masharubu awo ankagwedera.

"Ukudziwa chimene chinachitika titavula? Pafupi nane panaima mkulu wina wa kutsidya, nayenso atangovula yake, atakwiya ngati njuchi. Akuti, 'Kodi kamtsikana kolongolola chonchika n'ka yani? Kalibe makolo?'"

"Ndiye munati chiyani?" anafunsa a Buti.

"Ndinayamba ndayang'ana uku ndi uku, chifukwa mawu amene aja ine sindinawamvepo m'nyumba mwanga. Ndinati mwina andisinthira mwana m'kati mwa duku."

"Papa, munati chiyani?" Ulendo uno ndinafunsa ndine.

"Ndinati, 'Bambo, lankhulani bwino. Ameneyo ndi wa Shirinda. Ndi wanga.'" Anakankhira mbale yawo kwa ine, mmene munali masonja atatu onenepa amene anawasiya dala. "Akuti, 'Ndiye mumalimba naye bwanji kunyumba?' Ndinati, 'Sindikudziwa, wayamba lero.'"